MADOMBOLO: NYAMA YOCEPA, ANA OKHUTA

Ku Mbare, lokeshoni imene inayamba m'caka ca 1907 nichedwa Harari, ndi ku Highfield komwe, kukhala adzukulu ambiri a macona a ku Nyasaland. Kumeneko nyama ya ku buchala siikwanira banja lalikuru. Amai anzeru amaionjezera ndi madombolo, cakudya codziwika kwa onse amene anagwirapo nchito ku Joni.

Kaphikidwe kace nkotere. Sakanizani makapu 2 a ufa wa tirigu, timasupuni 2 ta baking powder, mcere pang'ono ndi madzi, nimukande mpaka ufawo utafewa. Nyama itapsa, msuzi usanaphwe, umbani timipira tonga mazira, nimutisanje pamwamba pa nyamayo. Bvundikirani zolimba, ndipo moto ukhale wocepa.

Apa ndipo alakwa ambiri. Copsetsa madombolo si msuzi ai, koma nthunzi. Wobvundukula mphika kuti asuzumire aithawitsa nthunziyo, ndipo madombolo alimba ngati mwala, ufa nuonongeka cabe. Dikirani mphindi 20. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mudzawapeza atatupa, atamwa msuzi kunsi kwace, ndipo mwana amene wapata fupa lokha sadzagona ndi njala.