Bokosi la Maloko Atatu, Gawo 7: Kiyi wa Agogo

Mwabweranso eti? Ndinadziwa ine.

Inu amayi amene munandikoka chitenje pa depoti ya ku Limbe Lolemba lapitali, n'kumati simundisiya mpaka ndinene zomwe bambo uja analankhula m'tchalitchi, pepani. Ndinakunamizani kuti minibasi ya ku Chilobwe ikundisiya, pamene inali isanadzaze n'komwe. Nkhani ili ngati nyemba, ukamavundukulavundukula sizipsa. Obwera lero funsani anzanu, ife nthawi yobwerera m'mbuyo tilibe.

Tinalekezera Lamulungu lija. Kwaya itangotsitsa nyimbo ya chopereka, kumbuyo kwenikweni, pa benchi ya anthu ochedwa, kunaimirira munthu. Suti yakuda ya pa kaunjika, makwinya a m'belo akadalipo. Baibulo m'khwapa, latsopano, masamba ake asanaphunzire kutseguka.

Mwamuna wa Naphiri, mnzathu wa m'banki mkhonde.

Eya, yemwe uja. Uja anathamangitsa mkazi wake pakati pa usiku ali ndi chitenje chimodzi ndi mwana kumsana. Uja anataya mtanda wa mandasi m'ngalande chifukwa ndalama za tsikulo sanazione.

"Abale ndi alongo," anatero mawu akunjenjemera ngati lata losakhomedwa bwino, "ndinali m'manja mwa woipayo. Kachasu ndasiya. Juga ndasiya. Ndikupempha mpingo undithandize, mayi wa ana anga abwerere kunyumba."

Anagwada. Analira. Misozi yeniyeni, ndinaiona ndi maso angawa. Mbali ya amayi kunamveka "Ameni", wina anayambitsa kolasi, ndipo Agogo athu osunga kiyi wachitatu wa bokosi la bankiyo anachita kupukuta nkhope ndi nsonga ya duku.

Ine maso anga anapita pa kalendala yopachikidwa pafupi ndi khomo. Kunali kutatsala masiku 11 kuti banki mkhonde yathu igawane.

Kulapa kwina kumadziwa kuwerenga kalendala, anthuni.

Musandiweruze. Ndine mlembi wa gululi, anandisankha chifukwa chokayikira chilichonse mpaka nditachiwerenga kawiri.

Lachinayi tinakumana monga mwa nthawi zonse, mabulauzi oyera, maduku oyera. Anzathu a Sinodi ya Blantyre amati Mvano, a ku Nkhoma amati Chigwirizano, kumpoto amati Umanyano. Ife pano tingoti amayi a Lachinayi, kuopa mungatilondole mpaka pakhomo. Tsikulo vesi inawerengedwa mothamanga ngati kondakitala akuitanira anthu. Aliyense mtima unali pa nkhani imodzi.

Anayamba ndi Mayi Wapampando. "Amayi, munthu walapa pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu. Ife ndife ndani? Banja ndi kupirira. Tonse pano tinapirira."

"Ena anapirira mpaka tinakawaimbira kumanda," wina anang'ung'udza kumbuyo. Dzina sinditchula. Amagulitsa tomato.

Apo ndi pamene Amayi Busa anavula magalasi. Owerenga akale mukudziwa, akavula magalasi bisani makapu.

"Mayi Wapampando, usiku umene mwanayu anagogoda pakhomo panga, anatenthetsa madzi othowera mabala ndani?"

Mayi Wapampando anaweramitsa mutu, chifukwa anali iwowo.

"M'mawa mwake anamuperekeza ku Victim Support Unit kupolisi ndani? Anakhala naye pa benchi ya kukhoti mpaka majisitireti atalemba chikalata choletsa bamboyu kumuyandikira ndani? Si ife tomwe? Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Ife tinalidziwa mochedwa, titataya kale anzathu tikuwalangiza kupirira. Panopa tili m'kati mwa masiku 16 aja olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala. Dzana tinaguba mumsewu titanyamula zikwangwani. Ndiye tigube panja, m'kati muno tikankhire mwana kumoto?"

Zii.

"Ngati bamboyo walapa, tiyamike Mulungu, abusa amulowetsa kalasi. Koma mango sitiwayamikira ali maluwa. Ndipo chikalata cha khoti chija sichinalape. Chikadagwirabe ntchito."

Maso onse anatembenukira kwa Naphiri. Mukumukumbukira m'Gawo 1, amalankhula akuyang'ana zala zakumapazi? Lachinayi limeneli anaimirira bwinobwino, n'kukonza chitenje mosafulumira.

"Ndinawakhululukira kalekale, amayi, kuti ndizipeza tulo. Koma kukhululuka ndi nambala yachinsinsi ya Mpamba ndi zinthu ziwiri."

Nthungululu zake zinadzutsa mlonda amene amagona pansi pa mtengo wa mapeyala.

Inu mumaseka, koma ine ndikudziwa pomwe mtsikanayu anachokera, chifukwa zili m'buku langa. Banki yathu inabadwa mu 2023, Namondwe Freddy atakokolola nyumba m'munsi mwa phiri la Soche mwezi wa Malichi. Tinali m'kalasi ya sukulu imene inasanduka msasa, amayi 22 opanda mphika, opanda mphasa, tili ndi mapemphero okha. Amayi Busa ndiwo anati mapempherowo tiwagulire bokosi. Tinapangana sheya imodzi K1,000, munthu agule imodzi mpaka zisanu pa sabata, ngongole isapitirire katatu pa zomwe wasunga, ndipo pambali pakhale kathumba ka zadzidzidzi ka matenda ndi maliro. Akuti njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE. Agogo amakana mpaka lero, amati khonde ndi lathu lomwe lino.

Sheya yoyamba ya Naphiri inali ma K200 asanu, opindidwapindidwa, onunkha utsi wa mbaula. Nditawatambasula patebulo, nkhope ya Rose Chibambo inatiyang'ana kasanu. Agogo anati, "Mwaona? Mayi mnzathu anakhala pa ndalama. Nanga ife tilephere bwanji kukhala nayo?"

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira anauluka, mandasi anachepa ngati maso a mbewa. Naphiri sanapite kwa akatapila. Anasiya kaye chiwaya n'kuyamba kuwotcha chimanga pamphambano, ngongole yake n'kumabweza ndi chiwongoladzanja chake, osaphonya sabata. Chaka chino anafika pogula masheya asanu sabata iliyonse. Maloto ake ndi makina osokera opondaponda aja, asoke mayunifolomu a ana asukulu, akhale Dorika wa ku Chilobwe.

Tsono bokosi lathu ndi lachitsulo, lili ndi maloko atatu. Makiyi ali kwa anthu atatu okhala madera osiyana: Mayi wa Tomato, Mayi wa Kwaya ndi Agogo. Msungichuma amasunga bokosi koma kiyi alibe. Ine ndimasunga buku, koma bokosi ndilibe, kiyi ndilibe. Mfundo imeneyi igwiritsitseni, muifuna kutsogoloku.

Loweruka ankhoswe anakumana kunyumba kwa abusa. Ine anandiitana kuti ndikathandize kuphika tiyi, ndipo ndi mwayi chabe kuti khitchini yawo ilibe siling'i.

Nkhoswe ya kuchimuna, malume wake wa bamboyo, inalankhula bwino zedi. Miyambi inali kugwa ngati matalala. Inati madzi saiwala khwawa. Inati ana akusowa bambo. Kenako, tiyi atawalowa bwino, lilime linaterereka.

"Komanso tamva kuti apongozi athuwa alandira K412,000 Lachinayi likudzali. Akaphatikiza ndi kochepa kathu, mwana wathu apereka chikole cha njinga yamoto, ayambe kabaza, banja liime."

Supuni inandigwa m'manja.

K412,000. Osati "ndalama zambiri". Osati "pafupifupi". Nambala yeniyeni, mpaka 12 wakumapetoyo. Nambala imene ndinaiwerengera ndekha Lachiwiri usiku, pa nyali ya foni, chitseko chokhoma. Ngakhale mwini wake Naphiri anali asanaimve.

Amayi Busa analowa m'khitchini, magalasi ali m'manja.

"Mlembi, buku limagona kuti?"

"Pansi pa matilesi, amayi."

"Amagona pa matilesipo ndani?"

"Ine ndi bambo a kunyumba kwathu."

Sanayankhe. Anangonyamula tileyi ya makapu n'kubwerera pabalaza. Inunso ndakuonani, mwayamba kale kunong'onezana za bambo a kwathu. Asiyeni kaye, munthu amagwira ntchito ya usiku, ndipo manambala amawaopa ngati njoka. Ndikuganiza choncho.

Mphekesera sizinachedwe. Pofika Lolemba pachigayo amati mlembi wagulitsa chinsinsi ndi thumba la makala. Lachiwiri pa mjigo amati ayi, ndi Mayi wa Kwaya, chifukwa mlongo wawo amamwera malo amodzi ndi bamboyo. Lachitatu wina analumbira kuti anaona munthu wa suti yakuda akusenzera Agogo chidebe cha madzi mpaka pakhomo. Imeneyo tonse tinaiseka. Suti ndi chidebe?

Tikanadziwa, sitikanaseka.

Lachinayi la kugawana linafika ndi fungo la mvula ndi ngumbi. Zitenje zofanana, mpunga wa Kilombero pamoto, nkhuku zitatu zitagona m'mphika, thobwa m'ndowa. Msungichuma anafika bokosi lili pamutu, thukuta kamukamu, atsikana awiri akumuperekeza uku ndi uku. Analitula patebulo, linalira di! Tonse tinamwetulira. Bokosi likamalemera, Khirisimasi imakoma.

Tinapemphera. Mayi wa Tomato anamasula kiyi wake pa chingwe cha m'khosi. Mayi wa Kwaya anatulutsa wake m'kati mwa duku... pepani, ena mungafune kukasecha, tingoti anatulutsa.

"Agogo?"

Mpando wawo, uja wa pafupi ndi zenera, unali wopanda munthu.

Agogo sanajombepo chiyambire, ngakhale tsiku limene anazulitsa dzino anabwera tsaya lili tutumu. Tinaimba foni, yozimitsa. Tinatuma mnyamata, anabwerera akupuma mwawefuwefu: chitseko chokhoma, nkhuku sizinatsegulidwe chikwere dzuwa, ndipo oyandikana nawo akuti sanawaone chiyambire dzulo madzulo.

Mpunga unazizira. Wina anati tithyole loko ndi hamala. Amayi Busa anakana, anati lamulo la gulu silithyoledwa chifukwa cha njala. Naphiri anakhala chete pakona, manja ali pamiyendo, milomo yokha ikugwedera. Kaya amapemphera, kaya amawerengera mtengo wa makina, sindinafunse.

Itakwana 3 koloko, mvula itayamba kuwaza pamalata, kunamveka kugogoda.

Sanali Agogo.

Anali mtsikana, zaka zake mwina 19, mwana kumsana, wosavala nsapato, matope mpaka m'maondo. Chitenje anafunditsa kumutu mophimba mbali imodzi ya nkhope. Ife amayi a Lachinayi kafundidwe kameneko timakadziwa. Tinakaonapo pa Naphiri.

"Odi, amayi. Ndikufuna mayi amene amawotcha chimanga pamphambano paja."

Naphiri anaimirira. "Ndine, achemwali. Lowani, mwanayo asanyowe."

Mtsikanayo analowa, n'kugwada pasimenti. Chitenje chinatsetsereka. Diso lakumanzere linali lotupa ngati tomato wakupsa, mlomo wong'ambika, bala lake la dzulodzulo. Mayi Wapampando, omwe aja a kupirira, ndiwo anayamba kuthamangira madzi otentha.

"Ndachokera ku Bangwe wapansi," anatero. "Bambo amene anagwada m'tchalitchi muno Lamulungu lija amakhala kwa ine kuyambira Epulo. Mwanayu ndi wawo. Anandiuza kuti mkazi wawo anamwalira pa Freddy."

Mukanamva phokoso lake! Wina "Yesu wanga!", wina "Ndinanena ine!", Mayi wa Tomato anagwira mutu n'kukhala pansi pomwepo. Naphiri yekha sanakuwe. Anapita, anamasula mwana kumsana kwa mtsikanayo, n'kumufungatira pachifuwa pake. Anamuyang'ana nkhope nthawi yaitali.

"Mphuno ndi ya bambo ake," anatero pansipansi. "Usaope, mng'ono wanga. Njira ya kupolisi tikuidziwa, ya kukhoti tikuidziwa. Sugona panja."

Apa ndikanatha kulekeza, inu n'kukagona mitima ili m'malo. Koma mtsikanayo anali asanamalize.

"Dzulo ndimachapa buluku la suti ija, amayi. Zimene ndinapeza m'thumba ndi zimene andimenyera. Ndinawamva pafoni akutchula za bokosi ndi za Lachinayi, ndiye ndati ndibwere nazo kwa eni ake."

Anayamba kumasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje. Zala zimanjenjemera, mfundo inali yonyowa, inavuta. Tonse tinamuzungulira, mpweya titaugwira. Ine ndinali wotsimikiza kuti ndi kiyi wa Agogo, ndipo ndinayamba kale kulira mumtima.

Mfundo inamasuka. Patebulo panalira ngwee!

Makiyi atatu.

Onse atsopano, onyezimira, m'mano mwake mukadali tizitsulo ta posula. Pa waya umodzi, ndipo pa wayapo panali pomangidwa kansalu koyera, kong'ambidwa pa duku la amayi a Lachinayi.

Mayi wa Tomato anayang'ana kiyi wake m'manja. Mayi wa Kwaya anayang'ana wake. Kenako amayi 21 tinayamba kuyang'anana pamitu, aliyense kufunafuna duku long'ambika.

Amayi Busa anavala magalasi pang'onopang'ono. Anayandikira bokosi, analinyamula pang'ono, analigwedeza pafupi ndi khutu.

Ndalama za mapepala sizilira choncho, anthuni.

Analibweza patebulo, anatola kiyi woyamba pa wayapo n'kumulowetsa m'loko. Anazungulira ngati wabadwira momwemo. Wachiwiri, chimodzimodzi. Atangolowetsa wachitatu, foni yanga inalira m'chikwama. Ndinaitulutsa kuti ndiizimitse, ndipo dzina limene linali pagalasi linandiumitsa malovu.

Agogo.

Zomwe ndinamva nditayankha, ndi zomwe tinaona chivundikiro chitatukuka, tikumane sabata yamawa. Ndipo inu amayi a pa depoti, musavutike kundidikirira Lolemba. Ndikwera kabaza.