Jenerale wopuma amene akukana kulemba buku

Disembala akafika, nkhani ya 1993 imadzukanso. Kumayambiriro kwa mwezi umenewu asilikali awiri anaomberedwa ku Mzuzu, ndipo patangopita masiku ochepa anzawo anatuluka m'mabalaki n'kuyamba kulanda zida gulu la achinyamata a chipani cholamula panthawiyo, lomwe dziko lonse linkaliopa. Mfuti zinalira mu Lilongwe, anyamata ambiri a gululo n'kuthawira ku Mozambique. Papita zaka zoposa 30, koma mwa akuluakulu amene ankalamula asilikali nthawi imeneyo, ndi ochepa kwambiri amene analembapo zomwe anaona.

Mmodzi mwa okhala chetewo ali pa famu yake m'chigawo chapakati, komwe akuweta mbuzi ndi kulima soya. Anyamata aganyu amawatchula kuti a Jenerale, ndipo sawayankha atakhala pansi. Nsapato zawo zimawala ngakhale akupita kukhola. Malaya ndi ositidwa mpaka m'mapewa, msana ndi woongokabe ngakhale bondo lamanzere likuvuta. Pabalaza ali ndi mpando wawo umodzi, wotsamira khoma, woyang'ana kukhomo, ndipo mlendo akafika amapemphedwa mwaulemu kuti foni aisiye pakhonde. Tiyi asanazizire, iwo amakhala atadziwa kale mudzi wa mlendoyo, mfumu yake, sukulu imene anaphunzira ndi amene wamulozera njira. Mlendo amatuluka atanena zambiri kuposa zimene wamva.

Za usilikali amakamba momasuka. Anaphunzira ntchito ku Salima, ndipo anali m'gulu la asilikali amene kuyambira mu 1987 ankalondera njanji ya ku Nacala nkhondo ya ku Mozambique ili mkati. Amafotokoza za sitima zodutsa pa Nayuchi kulowera ku Cuamba zikuyenda pang'onopang'ono poopa mabomba okwirira, za milatho yophwasulidwa, za anyamata amene anabwerera kwawo ali m'bokosi popanda wailesi kunenapo kanthu. Koma nkhani ikafika pa zaka zimene anavula yunifolomu n'kuvala suti, atapatsidwa udindo wotsogolera za ukazitape, amangofunsa ngati mlendo awonjezere shuga. Chokhacho chimene amavomera n'chakuti ntchito yaikulu inali kupatula uthenga weniweni pa miseche ya anthu ofuna ndalama kapena ofuna kugwetsa anzawo, kenako kukauza mtsogoleri zimene sakufuna kumva.

Ana awo akhala akuwakakamiza kuti alembe buku. Iwo akukana, ndipo mkangano umenewu suli m'banja lawo lokha.

Amene ali kumbali yawo, makamaka anzawo opuma, akuti lumbiro silithera pa tsiku lolandira penshoni. Lamulo loteteza zinsinsi za boma, lomwe atsamunda anatisiyira kuchokera mu 1913, likadalipo. Koma mfundo yawo yolemera si ya lamulo ayi. Anthu amene ankapereka uthenga mobisa ambiri akali moyo, akupemphera tchalitchi chimodzi ndi kutunga madzi pa mjigo umodzi ndi mabanja a omwe ankawanenera. Dzina limodzi litatuluka, mudzi ungathe kuyaka. Kwa iwo, za kudambwe saulula, basi.

Enawo, aphunzitsi a mbiri yakale ndi achibale a anthu amene anasowa kapena kutsekeredwa popanda mlandu, akuti chinsinsi chasanduka bulangete lofunditsa chilichonse. Amakumbutsa kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndiye n'zosamveka kuti zochitika za m'ma 1980 zizisungidwabe ngati za dzulo. Apa akunena zoona. Kuteteza dzina la kazitape wa kumudzi n'koyenera, koma kodi kunena chiwerengero cha asilikali amene anafera pa njanji ija kungaphe ndani lero? Kodi amene anaganiza zoti asilikali atuluke m'mabalaki mu 1993 anali akuluakulu, kapena anyamata okwiya amene akuluakuluwo anangowatsatira? Funso limeneli likuzungulirabe, pomwe anthu odziwa yankho lake akutha mmodzimmodzi. Zomwe timamva ndi zokamba pamaliro, ndipo pamaliro aliyense amakhala ngwazi.

A Jenerale, akapanikizidwa, amati boma litatsegula mafayilo ake iwonso adzatsegula pakamwa. Mwina akudziwa bwino kuti tsiku limenelo lili kutali, chifukwa ena mwa mafayilowo anawatseka okha.

Pakadali pano, amene akufuna kudziwa mmene kazitape amagwirira ntchito akumagula mabuku akale kwa mavenda a m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Limbe. Mabuku onsewo amakamba za London, Moscow ndi Washington, ndipo mavenda ena amawayala pamodzi ndi mapepala a mayeso a Fomu 4.