Wa pabenchi ndi wa pafoni: msonkho umapeza ndani ku Karonga?

Zitenje zoyalidwa pabenchi mumsika wa Karonga ndi zimene zimadutsa pa sitetasi ya WhatsApp nthawi zambiri n'zochokera kumodzi. Amakazipikula ku Kyela, ku Mbeya, ena mpaka ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, ndipo zimalowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Koma nkhani ikafika pa msonkho, wa pabenchi amati mnzake wa pafoni akudya zaulere. Akunena zoona, koma pang'ono chabe.

Wa pabenchi boma amakumana nalo maso ndi maso tsiku lililonse. Dzuwa lisanakwere, wa khonsolo wafika kale ndi kabuku kake.

"Mayi, chiphaso."

"Achimwene, chibwerereni sindinagulitseko, mudzerenso."

Amadzeranso ndithu, pakuti benchi silithawa. Malonda ayende asayende, ya tsikulo iperekedwa. Wa okala kapena shopu amaonjezera laisensi ya chaka. Komatu ndalama zimenezi n'za khonsolo, zolipirira malo ndi chilolezo cha geni. Si msonkho wa pa zogulitsa, ngakhale anthu zonse amangoti msonkho.

Wa pafoni zimenezi sizimukhudza. Katundu ali m'chikwama kuchipinda, chithunzi chili pa Facebook, ndalama ikulowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo phukusi lakwera basi ya ku Mzuzu kapena laperekedwa kwa wa kabaza. Wa khonsolo angadule chiphaso pati? Apa dandaulo la amayi a mumsika ndi lomveka, ndipo ine ndili nawo. Amapikisana ndi munthu amene mtengo wake ulibe lendi, ulibe chiphaso, kupatula bandulo.

Ku bungwe lotolera misonkho la MRA nkhani ndi ina. Lamulo la VAT la 2005, lomwe linalowa m'malo mwa surtax, silifunsa ngati munthu amagulitsira pabenchi kapena pa intaneti. Limafunsa kuti malonda ake pachaka amafika pati. Mu 2021 malire olembetsera anakwezedwa kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K25 miliyoni. Wopyola malire ayenera kulembetsa, kuika VAT pa mtengo (kwa zaka zambiri inali pa 16.5 peresenti), kupereka lisiti lovomerezeka, n'kumatumiza ndalamayo mwezi ndi mwezi. Amene sanalembetse saloledwa kulipiritsa makasitomala VAT. Ochita geni yaing'ono ali ndi msonkho wawo wa pa zimene amapeza, ndipo nawonso amafunika nambala ya TPIN. Choncho wogulitsa mpunga wa Kilombero wa ku Hara kapena ku Wovwe pa Facebook alibe lamulo lakelake. Papepala, iye ndi wa mumsika ndi amodzi.

Malo amene awiriwa amafananadi ndi pachipata. Wolowetsa katundu wamalonda pa Songwe amalipira msonkho wa kasitomu, ndi VAT pa katundu woyenera, asanagulitse n'komwe chitenje chimodzi. Wolembetsa VAT amadzachotsera imene analipira pachipata pa imene watolera kwa ogula. Wosalembetsa alibe mwayi umenewo, amangoikwirira mumtengo. Ndiye kuti mtsikana wa pa WhatsApp, ngati anadzera pamlatho, msonkho walipira ndithu, ngakhale dzina lake silili m'kaundula wa VAT. Za odzera njira zachidule, owoloka mtsinje wa Songwe pabwato usiku, ndi mlandu wina, ndipo alipo mbali zonse ziwiri.

Chimene chimawasiyanitsa kwenikweni n'chakuti wina amaoneka, wina saoneka. Makina odulira malisiti a EFD amene MRA inabweretsa mu 2014 anapangidwira kauntala, pamene woyendera angaime n'kufunsa lisiti. Kuchipinda kwa munthu safikako.

Maiko ena anapeza pogwira. Ku America, khothi lalikulu litagamula mlandu wa South Dakota ndi kampani ya Wayfair mu 2018, zigawo zinapeza mphamvu zokhometsa ogulitsa akutali, ndipo zambiri zinalamula misika ngati Amazon ndi eBay kuti izitolera msonkho m'malo mwa ogulitsawo. Maiko a European Union anachita zofananako kuyambira Julaye 2021. Izi zimatheka chifukwa ndalama ya wogula imadutsa m'manja mwa msikawo. Kwathu kuno Facebook ndi WhatsApp ndi chikwangwani chabe. Mtengo amakambirana ku inibokosi, ndalama imadzera kwina, ndipo eni msika sadziwa ngati malonda atheka.

Pamatsala foni yomweyo. Ndalama ya pabenchi ikalowa m'thumba la epuloni nkhani yathera pomwepo, pamene ya pafoni imasiya dzina, tsiku ndi kuchuluka kwake. Pa ichi wa pa intaneti ndiye ali poyera kuposa mnzake, kungoti ambiri saganizako. N'chifukwa chake maboma amakopeka kukhometsa potumiza ndalama. Mu 2019 boma lathu linafuna kudula 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni, anthu atakuwa linabweza ganizolo. Anansi athu a ku Tanzania anaika msonkho wawo wotere mu Julaye 2021, ndipo madandaulo atachuluka anautsitsa. Vuto la njira imeneyi n'lakuti sisankha. Imadula wogulitsa zitenje, imadulanso mwana wa ku Lilongwe wotumiza ya mankhwala kwa agogo ake ku Kaporo.

Ndipo mpanda wa pakati pa awiriwa ukugwa wokha. Amayi ambiri a mumsika masiku ano akangomaliza kuyala katundu amamujambula n'kuika pa sitetasi. Chiphaso alipira m'mawa, masana kasitomala wa ku Mzuzu watumiza pa Mpamba, madzulo phukusi lili pa depoti.