Basi ya ku Alaska ndi phunziro la pa Sapitwa

Pa 18 Juni 2020, helikoputa ya asilikali idanyamula basi yakale yadzimbiri n'kuichotsa m'nkhalango ya chigawo cha Alaska, kumpoto kwa dziko la America. Basiyo, nambala 142, idasiya kuyenda kalekale ndipo alenje ankangogonamo akapita kosaka. Boma la chigawocho lidalamula kuti ichotsedwe chifukwa alendo ankavulala, ena kufa kumene, pofuna kukaiona. Chomwe chinkawakoka ndi mbiri ya mnyamata wina, Christopher McCandless, yemwe adafera m'basimo ndi njala m'chaka cha 1992.

Ulendo wopanda kamba

McCandless adabadwira m'banja lopeza bwino. Atamaliza maphunziro pa yunivesite ya Emory mu 1990, adapereka ndalama zake zokwana madola 24,000 ku bungwe la Oxfam, n'kuchoka osatsanzika makolo. Mtima wake udali pa moyo wa yekha, kutali ndi ndalama ndi phokoso la m'mizinda.

Pa 28 Epulo 1992, ali ndi zaka 24, adalowa m'nkhalango kudzera pa njira ya Stampede, pafupi ndi tauni ya Healy. Adanyamula mpunga wa makilogalamu osakwana asanu, mfuti yaing'ono ndi buku lofotokoza zomera zodyedwa. Mapu atsatanetsatane a deralo adalibe. Bambo yemwe adamutenga pa galimoto adayesa kumuletsa, ndipo ataona kuti sakumva adangomupatsa nsapato za jombo.

Kwa milungu ingapo mnyamatayu adapha agologolo, anungu ndi mbalame. Koma nyama zazing'ono zotere zili ndi mafuta ochepa, ndipo mphamvu zomwe ankataya pozisaka zinkaposa zomwe ankapeza pozidya. Thupi lidayamba kutha pang'onopang'ono. M'mwezi wa Juni adaombera chinyama chachikulu chotchedwa moose, chomwe chikadamudyetsa kwa nthawi yaitali. Alenje a kumeneko amalenga nyama yotere timizere topyapyala n'kuyanika pamphepo. Iye adayesa kuiwamba pautsi, ntchentche zidaikiramo mazira, ndipo m'masiku owerengeka nyama yambiri idagwa mphutsi.

Kumayambiriro kwa Julaye adaganiza zobwerera. Apa ndi pomwe adapeza kuti mtsinje wa Teklanika, womwe adauoloka mosavuta mu Epulo, wasefukira chifukwa madzi oundana a m'mapiri adali atasungunuka. Adabwerera ku basi. Sadadziwe kuti kumunsi kwa mtsinjewo, mtunda wosakwana kilomita imodzi, kudali chingwe chachitsulo chokhala ndi dengu loolokera, chomwe akatswiri oyeza madzi adamanga. Malowo adalembedwa pa mapu omwe iye sadatenge.

Adamwalira chapakati pa Ogasiti, atakhala m'thengo masiku oposa 110. Alenje adapeza mtembo wake pa 6 Sepitembala, ukulemera makilogalamu pafupifupi 30.

Mbiri ikakoma, ngozi imabisika

Mu 1996 mtolankhani Jon Krakauer adatulutsa buku la moyo wa McCandless lotchedwa Into the Wild, ndipo mu 2007 Sean Penn adapanga kanema wa dzina lomwelo. Kuyambira pamenepo achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana adayamba kupita ku basi ija ngati kumalo opatulika. Ambiri adatengeka ndi kulimba mtima kwa mnyamatayo, n'kuiwala mtsinje womwe udamutsekera njira.

Mtsinjewo sudasinthe. Mu 2010 udakokolola mayi wa ku Switzerland, ndipo mu 2019 udatenganso mayi wa ku Belarus yemwe adali atangokwatiwa kumene. Boma la Alaska lidati pakati pa 2009 ndi 2017 lidatumiza anthu opulumutsa maulendo 15 chifukwa cha basiyo. Ulendo uliwonse wotere umadya ndalama za boma ndipo umaika pachiswe moyo wa opulumutsawo, omwe nawonso ali ndi mabanja.

Anthu a mtundu wa Athabascan akhala m'dera lomwelo kwa zaka zikwizikwi. Chomwe chidawasunga ndi nzeru zosiyirana: nyengo yomwe mtsinje umadzaza, kasungidwe ka nyama ndi nsomba, ndi mbali ya chomera yomwe imadyedwa. Iwo amadya mizu ya chomera china chofanana ndi mbatata yam'thengo. McCandless, mizu itauma, adayamba kudya njere zake, ndipo Krakauer wakhala akunena kuti poizoni wa m'njerezo ndiye adamufooketsa, ngakhale akatswiri ena amati idali njala yokha. Eni derawo sankakhalanso okhaokha. Wina akadwala kapena kuthyoka mwendo, anzake ankamusakira chakudya.

Phiri la Mulanje lidaonanso zotere

Nkhani yofanana idachitika ku Malawi. Mu Julaye 2009, Gabriel Buchmann, katswiri wa zachuma wa ku Brazil wa zaka 28, adakwera phiri la Mulanje. Pofuna kufika pansonga ya Sapitwa, yomwe ndi yotalika mamita 3,002, adasiya womulondolera n'kupitirira yekha ndi zovala zopepuka. Nyengo idasintha, iye adasochera, ndipo adafa ndi chisanu. Mtembo wake udapezeka patapita milungu yoposa iwiri. Mu 2003, mayi wina wa ku Netherlands adasowanso pansonga yomweyo atakwera yekha. Moyo wa Buchmann nawo udasanduka kanema mu 2017.

Dzina lakuti Sapitwa palokha ndi chenjezo lomwe makolo adasiya. Olondolera alendo a ku Likhubula amadziwa kuti chiperoni chikatsika, munthu saona ngakhale mwala womwe uli patsogolo pake, ndiponso kuti timitsinje ta m'phiri timadzaza m'kanthawi kochepa mvula ikagwa kumtunda. Nzeru zimenezi adaziphunzira pokwera phirilo kambirimbiri motsogozedwa ndi akuluakulu awo. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Zoti alangizi ndi alimi atolepo

Mlimi wa m'chigawo chino salowa m'thengo pofuna kutchuka. Amapitako kukafula uchi, kukazula bowa, kukatema mitengo yomangira, kapena njala ikamuthamangitsa. Komabe malamulo a thengo ndi amodzi kwa aliyense. Mayi wodziwa bowa adaphunzira kwa agogo ake kusiyanitsa wodyedwa ndi wakupha, ndipo bowa yemwe sakumudziwa amamusiya. Banja lolima chinangwa chowawa limadziwa kuti chimafunika kuviika masiku angapo. Mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu adafupikitsa ntchito yokonza chinangwa chifukwa cha njala, ndipo oposa 1,000 adapuwala miyendo ndi matenda a konzo.

Vuto lomwe likukula n'lakuti achinyamata ambiri akukula osaphunzira zimenezi, pomwe pa foni akuonera anthu odzionetsa ngati akhoza kukhala m'nkhalango ndi mpeni wokha. Saona gulu la ojambula, chakudya ndi galimoto zomwe zimakhala pafupi.

Alangizi a m'midzi angathandize pokonza misonkhano yomwe achikulire amaonetsa achinyamata zomera ndi bowa weniweni, nyengo ya mvula isanafike. Angakumbutsenso anthu kuti wolowa m'phiri kapena m'nkhalango auze a pakhomo komwe akupita ndi nthawi yobwerera, asapite yekha, anyamule chovala chofunda ndi kamba, ndipo akapeza mtsinje utadzaza adikire. Midzi yokhala pafupi ndi malo okopa alendo ili ndi chifukwa chomveka chokakamira kuti mlendo aliyense atenge womulondolera, popeza mlendo akasowa, omwe amasiya minda yawo kukamufunafuna ndi anthu a m'midzi yomweyo.

Basi nambala 142 tsopano ili m'manja mwa nyumba yosungiramo zakale ya yunivesite ya Alaska mu mzinda wa Fairbanks, kutali ndi mtsinje wa Teklanika.