Batire latsopano, koma m'mawa galimoto ili zii

Nyengo yozizira ikafika, ogulitsa mabatire a galimoto sadandaula. Mu June ndi July, m'mawa uliwonse m'makwalala a ku Area 25, Ndirande kapena Chibavi simulephera kupeza munthu atatsegula boneti, manja ali m'thumba, akudikira mnansi amene ali ndi majampa. Kale zikatere ankangoitana anyamata kuti akankhe. Lero galimoto zambiri zochokera ku Japan ndi za automatic, ndipo izi ngakhale muzikankhire kumtsetse sizilira.

Mlandu wonse umagwera kuzizira, ndipo ndi zoona kuti kukazizira batire limachepa mphamvu pomwe oilo wa mu injini amakhala atalimba. Komabe chimene chimakalambitsa batire ndi kutentha. Lomwe linapsa ndi dzuwa la October limadzaonetsa kufooka kwake mu June. Kwa ena kugula latsopano kumathetsadi vuto. Kwa ena ambiri latsopanolo limangopirira masabata ochepa, kenako nalonso n'kugona.

Pa galaja ina ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, Lolemba lina chakum'mawa, panafika Sienta yoyera yonyamula anthu, yomwe inali italira chifukwa chojampitsidwa. Dalaivala wake, bambo wa jekete lakuda ndi chipewa chaubweya, anatsika osazimitsa injini poopa kuti isalirenso. Batire linali kuwala ndi utsopano, chomata cha kusitolo chisanasupuke n'komwe. Iye anafotokoza kuti lakale analisintha atauzidwa kuti latha, ndipo ili nalo layamba khalidwe lomwelo. Chomwe chinkamuzunguza mutu n'chakuti mkati mwa sabata galimoto inkalira bwinobwino, koma akaipumitsa Lamulungu, Lolemba inkangoti tche tche tche, nyale za pa dashibodi zili phethiphethi.

Wamagetsi wa pa galajapo, mnyamata wowonda wokhala ndi tepi yakuda pa chala, sanayambe ndi sipanala. Anatulutsa mita yachikasu yong'aluka galasi n'kuika nsonga zake pa mitu iwiri ya batire injini ikulira. Inaonetsa 14.1 volts. Anayatsa nyale zonse ndi fani, nambala inangotsika pang'ono. Alternator yabwino imapereka pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts, choncho iyi inali kutchaja. Anagwedeza matheminolo kuti aone ngati ndi okhwefuka, anayang'ana ngati pali ufa woyera kapena wobiriwira womwe umatchinga moto, anakanikiza lamba wa alternator ndi chala. Zonse zinali bwino.

Atazimitsa injini n'kudikira kanthawi, batire linaonetsa 12.1 volts. Batire lodzaza, lokhala ndi maselo 6 abwino, limaonetsa 12.6 volts likapuma. Likafika pa 12.2 ndiye kuti theka la moto lapita. Mnyamatayo anauza dalaivala kuti batire lili ngati ndowa: ikapezeka yopanda madzi m'mawa, mwina ndi yobooka, mwina mpopi sukuthiramo, mwinanso pali amene akutungamo usiku. Mpopi anali atauona kuti uli bwino. Tsopano anafuna kugwira wotunga usikuyo.

Anachotsa kiyi, anatseka zitseko zonse kupatula cha dalaivala, chomwe loko wake anamukanikiza ndi sikuludalaiva kuti galimoto iyese kuti chatsekedwa. Anamasula waya wa negative, n'kulumikiza mita pakati pa wayayo ndi mutu wa batire kuti moto uliwonse wotuluka udutse m'mitamo. Anachenjeza dalaivala kuti asayerekeze kuliza injini, chifukwa moto wa sitata ungapsereze fyuzi ya mita nthawi yomweyo. Kenako anakhala pa tayala lakutha n'kuyamba kudya chimanga chootcha. Dalaivala anayamba kung'ung'udza kuti makasitomala akupita ndi anzake, koma mnyamatayo anati galimoto zamakono sizigona nthawi imodzi. Makompyuta ake amazima imodziimodzi, ndipo zina zimatenga theka la ola kapena kuposerapo. Ukayeza msanga, umanamizira chipangizo chosalakwa.

Nthawi itakwana, mita inaima pa 0.4 amp. Galimoto yogona bwino siyenera kupitirira 0.05 amp, kamoto kongosunga wotchi, alamu ndi zokumbukira za kompyuta. Iyi inkadya kasanu ndi katatu kuposa pamenepo. Kuchokera Loweruka usiku kufika Lolemba m'mawa ndi maola pafupifupi 36, ndipo pa mlingo umenewo batire limataya ma amp-hour oposa 14. Mabatire a galimoto zing'onozing'ono amasunga 35 kapena 40 okha akadzaza, ndipo la galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi ta m'tauni, kuima apa kulizanso apo, silidzaza kawirikawiri.

Anayamba kuzula mafyuzi imodziimodzi, maso ali pa mita. Ya wailesi, nambala osasintha. Ya nyale zamkati, chimodzimodzi. Anamaliza bokosi la pansi pa chiwongolero, anamaliza la mu boneti, mita ili pa 0.4 pomwepo. Apa ndi pomwe anawerama n'kuona waya wofiira wonenepa, wosakhala wa kufakitale, atapotedwa pa theminolo ya positive popanda fyuzi. Anamulondola kudutsa pa bowo la mphira, pansi pa kapeti, mpaka pansi pa mpando wakutsogolo. Kumeneko kunali ampulifaya ya nyimbo. Ataikhudza, inali yofunda, chonsecho galimoto inali itazima kwa nthawi yaitali. Amene anaimanga anatenga kawaya kopyapyala komwe kamayenera kuiyatsa wailesi ikayaka, n'kukalumikiza ku moto wosazima. Mnyamatayo atakadula, mita inatsika kufika pa 0.03. Dalaivala anagwira pakamwa, n'kukumbukira kuti masipika anawamangitsa mwezi womwe batire loyamba linayamba kuvuta.

Amagetsi amati zofala zomwe zimatunga moto usiku ndi zomwezi: ampulifaya, alamu ndi tracker zomangidwa mwachidule, kanyale ka mu buti kosazima, tchaja ya foni yosiyidwa pa soketi yomwe imakhala ndi moto usiku wonse.

Nkhani ikanathera pamenepo pakanapanda makaniko wina wachikulire wa pa galaja yoyandikana, yemwe anali ataonerera zonsezi ataima chapatali. Iye anati alternator sinayezedwe mokwanira, ndipo njira yake ndi imodzi yodziwika kwa aliyense: liza injini, zula theminolo ya batire. Injini ikapitiriza kulira, alternator ili bwino. Ikazima, yafa. Anali atagwira kale sipanala ya 10 pomwe mnyamata uja anamuletsa mwaulemu, akumutchula kuti madala, ndipo mkangano unabuka womwe unakopa amakaniko ena ndi madalaivala odikira.

Mkuluyo anati wakhala akuchita zimenezi kuyambira nthawi ya malole akale ndi mapikapu a kabureta, ndipo sanawotchepo galimoto ya munthu. Anafunsanso kuti munthu galimoto ikamufera usiku pakati pa Ntcheu ndi Balaka, mita aitenga kuti? Madalaivala angapo anavomereza ndi mitu. Ambiri a iwo anaonapo njirayi ikuchitika pa galimoto zawo, ndipo anachoka pamalopo bwinobwino.

Wamagetsi sanatsutse zoti kale zinkatheka. Galimoto za nthawi imeneyo zinalibe zambiri zoti n'kupsa. Za lero zili ndi kompyuta ya injini, ya giyabokosi, ya mabuleki ndi zina, zonse zodya moto wa mzere umodzi. Batire, kupatula kuliza injini, limameza moto ukadumpha. Mukalichotsa mwadzidzidzi alternator ikutchaja, moto umatha kulumpha kwa kamphindi kufika ma volts makumi angapo regulator isanaubweze, ndipo kamphindi kameneko n'kokwanira kupsereza kompyuta, wailesi, ngakhalenso ma diode a alternator yomwe mukuyezayo. Anawonjeza kuti chovulala sichifa tsiku lomwelo nthawi zonse, ndiye mwini galimoto akadzaona vuto patapita masiku sakumbukiranso za theminolo ija. Palinso zothetheka: batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe suchedwa kuyaka.

Chomwe chinawakhalitsa chete ena n'chakuti njirayi imathanso kunama. Alternator yopsa diode imodzi imatha kuliritsa injini popanda batire, munthu n'kuikhulupirira, pomwe ikutchaja moperewera. Choipa kwambiri, diode yakupsa imatha kulola moto kubwerera kuchokera ku batire kulowa mu alternator galimoto itazima, kotero kuti yomwe yapambana mayesoyo ndi yomwe ikumaliza batire usiku.

Mkulu uja sanagonje. Anati nazo mita zimasokoneza, chifukwa anaonapo galimoto yabwinobwino ikuonetsa moto wosakwana 13 volts injini ikulira, anyamata n'kumasula alternator yopanda vuto. Apa mnyamatayo anavomera. Galimoto zambiri zatsopano za ku Japan zili ndi kompyuta yomwe imachepetsa kutchaja batire likadzaza pofuna kupulumutsa mafuta, ndiye woyeza ayenera kuyatsa nyale ndi fani kaye kuti aone ngati nambala ikwera. Zina mwa za hybrid zilibiretu alternator: kabatire kake ka 12 volts kamatchajidwa kuchokera ku batire lalikulu, ndipo kakafa galimoto siyaka ngakhale lalikululo litadzaza. Zomwe zimazima zokha pa maroboti zimafuna batire lakelake, monga lolembedwa M-42 kapena Q-85, ndipo wamba silikhalitsamo. Mkuluyo anangoti galimoto za masiku ano n'zovuta dala, n'kubwerera ku ntchito yake sipanala ili m'manja. Theminolo sinazulidwe, koma palibe anganene kuti iye anasintha maganizo.

Batire la Sienta linagonera pa tchaja yapang'onopang'ono. M'mawa mwake linaonetsa 12.6, ndipo poliza injini silinatsike kupitirira 9.6 volts, malire omwe amagetsi amayang'ana. Linapulumuka chifukwa linali lisanagone kambirimbiri. Batire la galimoto silinapangidwe kuti lizitheratu moto. Likakhala lopanda moto, mapuleti ake amachita nkhanambo ya sulphate yomwe imauma, ndipo kujampitsa kenako n'kuzungulira tauni kwa mphindi zochepa sikulidzaza. Mizere ya mafuta ya zaka zapitazi inawonjezera vutoli: galimoto kuima masiku kunyumba, kapena kukhala pa mzere wailesi ikulira, kuliza injini kuti isunthe mamita awiri n'kuzimitsanso.

Za batire loyamba lija, dalaivala anati analisiya kusitolo pomwe ankagula latsopano, atamuchotserako pang'ono pa mtengo. Mabatire otere sasowa msika. Ena amapita kwa ofuna mtovu wake, ena amagulidwa ndi anthu omwe amakawalumikiza ku sola kumudzi, komwe amayatsa mababu, kuliza wailesi ndi kutchaja mafoni a mudzi wonse pa kamtengo kochepa. Ogula oterewa amakonda kwambiri mabatire a anthu am'tauni, ati chifukwa ambiri amatayidwa akadali ndi moyo.