Kuphunzitsa za Kusakaniza Mitengo ya Zipatso M'dimba la Pakhomo

Pafupifupi khomo lililonse la kumudzi lili ndi mtengo wa mango, koma ndi makomo ochepa pamene mwana angathyole chipatso m'mwezi wa Juni monga amachitira m'mwezi wa Disembala. Mango akapsa amachuluka mpaka kuwolera pansi. Akatha, banja limakhala miyezi yambiri osalaŵa chipatso. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chobzalira mitengo yamitundumitundu pamalo amodzi, ndipo ife aphunzitsi tiyenera kuyambira pomwepa tisanatchule za maenje ndi manyowa.

Tilembe miyezi yonse 12 pa bolodi, ndipo ana atiuze okha chipatso chimene amadya mwezi uliwonse. M'madera ambiri a Malaŵi mango ndi masuku amapsa kuyambira Novembala mpaka Januwale. Mapeyala ndi magwafa amatsatira mvula ili mkati kufikira kumapeto kwake, pamene malalanje, mandimu ndi manachesi, monga aja otchuka a ku Mwanza, amadza m'nyengo yozizira. Nthochi ndi mapapaya zimabereka nthaŵi iliyonse ngati zikupeza madzi. Miyezi imasiyana pakati pa kumapiri ndi kuchigwa, choncho ana akatsutsana ndi buku tiŵamvere, pakuti iwo ndiwo amakwera mitengoyo. Mwezi umene watsala wopanda chipatso pa bolodi ndiwo utiuze mbande yoyenera kufuna.

Chovuta kwambiri kwa ana, ngakhalenso kwa makolo awo, ndicho kuona m'maganizo kukula kwa mtengo patapita zaka 10. Mbande ya mango ndi ya lalanje zimalingana msinkhu pa tsiku lobzala, motero munthu amaziika pafupi ngati mapesi a chimanga. Pambuyo pake mango amayala nthambi, lalanje limatsalira mumthunzi, limangotalika osabereka bwino. Mawu okha sakwanira kuphunzitsa zimenezi. Tituluke ndi ana pabwalo, mmodzi aime pakati atagwira chingwe cha mamita 5, mnzake azungulire kunsonga kwa chingwecho akulemba mzere pansi ndi kamtengo. Bwalo lotulukalo ndiwo malo a mtengo umodzi wa mango, ndipo likusonyeza chifukwa chake mango ndi mapeyala amatalikirana mamita pafupifupi 10. Tichitenso chimodzimodzi ndi chingwe cha mamita 3 poimira lalanje kapena gwafa, ndi cha mita imodzi ndi theka poimira papaya kapena nthochi. Lamulo la seŵeroli ndi lakuti mabwalo akhudzane koma asaloŵane. Ana a makalasi apamwamba angathe kuŵerengetsa kuti bwalo la mango lija limadya masikweya mita opitirira 78, ndipo phunziro la ulimi lakumana ndi la masamu.

Mbali yobzala mitengo italiitali tiipezenso poyesa. Dziko lathu lili kumwera kwa Equator, kotero m'nyengo yozizira dzuŵa limadutsa chakumpoto ndipo mthunzi wa masana umagwera kumwera. Ndodo yozikidwa pabwalo m'mwezi wa Juni idzaonetsa ana zimenezi dzuŵa lili paliwombo. Choncho mango ndi mapeyala akhale m'malire a kumwera, mitengo yaifupi ikhale chakumpoto kumene idzaothera dzuŵa. Nthochi zimakonda chinyontho, ndiye ziikidwe kumene kumatsikira madzi a kubafa; peyala silifuna malo odikha madzi chifukwa mizu yake imawola.

Mipata ya pakati pa mitengo ikuluikulu isakhale chabe m'zaka zoyamba. Mango omezanitsa amayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi, koma papaya limabereka chaka chisanathe kapena chitangotha, ndipo podzafika nthaŵi yoti mango aphimbe malowo limakhala litakalamba kale. Tikumbutse ana kuti mapapaya a makolo ali ndi aamuna ndi aakazi. Pogwetsa aamuna tisiyeko limodzi pa aakazi pafupifupi 10 kuti mungu upezeke.

Tisabise kwa ophunzira kuti kusakaniza kuli ndi vuto lake. Dimba limene limadyetsa banja chaka chonse limadyetsanso ntchentche ya zipatso chaka chonse. Ntchentcheyi imaikira mazira pansi pa khungu la chipatso, mphutsi zimadya mkati, chipatso chikagwa zimaloŵa m'nthaka ndi kutulukamo zili ntchentche zatsopano. Mtundu wina woononga kwambiri, wochokera ku Asia, unapezeka ku Kenya m'chaka cha 2003 ndipo unafalikira m'maiko ambiri a mu Africa. Mango akatha umasamukira ku magwafa, kenaka ku malalanje. Njira yosalira ndalama ndiyo kutola zipatso zonse zakugwa kaŵiri kapena katatu pa sabata ndi kuzikwirira m'dzenje lakuya theka la mita, kuti ntchentche zilephere kutuluka. Pa sukulu ntchitoyi igaŵidwe m'magulu, ndipo gulu lililonse lidule chipatso chimodzi chakugwa, liŵerenge mphutsi ndi kulemba chiŵerengerocho m'kope pamodzi ndi tsiku ndi dzina la mtengo.