Kodi Mumadziwa? Mwana wa Mfumu Amene Ankasambitsa Odwala

Elizabeth, mwana wa Mfumu Andrew II ya ku Hungary, anabadwa mu 1207. Ali ndi zaka zinayi zokha, anamutumiza ku Thuringia, ku Germany, kuti akakulire kubanja komwe adzakwatiwe. Njala itavuta mu 1226, mwamuna wake Ludwig IV ali pa ulendo, iye anatsegula nkhokwe n'kugawira anthu chakudya. Chaka chotsatira Ludwig anamwalira ku Otranto.

Namfedwa wa zaka 20 uja anavula zovala zachifumu n'kumanga chipatala ku Marburg ndi chuma chake. Chogwira mtima n'chakuti sanangopereka ndalama ayi: odwala a zilonda, amene ena ankanyansidwa nawo, ankawasambitsa ndi manja ake. Anamwalira mu 1231, ndipo Papa Gregory IX anamulengeza kukhala woyera mu 1235.